Mwala wa Tayamamu wa Abiti Sidiki

Abiti Sidiki a kwa Mposa akanalola kugona ndi njala, koma kudumphitsa swala, mapemphero awo a Chisilamu, iyayi. Dzina lawo lenileni linali Lukiya, ngakhale kuti m'mudzimo munalibe wolimba mtima woti n'kuwaitana choncho. Anali mayi aukhondo wochita kutopetsa anzawo: mbale ikatsukidwa ankayamba ainunkhiza, ndipo nkhuku yoyerekeza kuponda pakhonde pawo inkathawa isanadziwe chimene yalakwa.

Ndiye taganizani m'mene zinawapwetekera matenda a pakhungu atawagwira manja. Khungu linayamba kung'ambika kuchokera m'zala mpaka m'zigongono, ndipo dokotala wa pachipatala chaching'ono anawapatsa mafuta opaka n'kuwalamula kuti manjawo asakhudze madzi mpaka apole. Zophika ndi zochapa anazitenga mwana wawo wamkulu Ayisha, amene nyumba yake inali pafupi. Koma udhu, kusamba kuja munthu amasamba asanaime pamaso pa Mulungu, sungatumize mwana kuti akusambire.

Mwayi wake anakumbukira zimene anaphunzira ku madarasa ali mtsikana. Wodwala amene madzi angamupweteke amaloledwa kupanga tayamamu: amamenya zikhatho panthaka yoyera n'kupaka kumaso ndi m'mikono, basi wayera. Vuto linali nthakayo. Pabwalo pankayenda mbuzi ndi abakha a anthu, ndipo mayi ngati Abiti Sidiki sakanaika dzanja pamenepo. Anali atamvapo kuti okalamba ena amagwiritsa ntchito mwala, poti mwala ndi nthaka yomweyo, choncho anatenga mwala wakuda umene malemu amuna awo, Che Akimu, ankatchingira chitseko. Anausunga pansi pa bedi, ndipo unawatumikira miyezi yonseyo, ndi Ramadani yemwe.

Zinthu zinali bwinobwino mpaka pamene anabwera Fauziya, mwana wawo wotsiriza.

Fauziya anali ku Jeremani, kumene ankachita maphunziro apamwamba a miyala. Anthu a kwa Mposa nkhani imeneyi sinkawatha kuseka. Ankati mwana wa Che Akimu anakwera ndege kukaona miyala, kusiya phiri la Chikala lili tong'o kuseri kwa nyumba. Amayi ake ankawayankha kuti nsanje siipita kusukulu, koma kunena zoona nawonso sankadziwa chimene mwanayo ankafuna m'miyalamo.

Tsiku lotsatira kufika kwake, nthawi ya Zuhuri, swala ya masana, itakwana, Abiti Sidiki anakoka mwala wawo, napanga tayamamu, naswali. Pomaliza anapeza mwana wawo atakhala pakhomo la chipinda, maso ali pamwalapo ngati waona njoka.

"Amayi, mwala uwu munautenga kuti?"

"Ngwa bambo ako. Anaukumba kumunda wakumtunda, khasu mpaka linabenthuka. Bwanji?"

Fauziya anaunyamula, ndipo manja ake anatsika ndi kulemera kwake, pamene kukula kwake sikunapose papaya laling'ono. Anautembenuza uku ndi uku. Anasisita timaenje tosalala timene tinali ponseponse ngati pamene munthu wadinda chala padongo. Kenako anatenga chikwama chake cham'manja, nayandikiza kamaginito kotsekera, ndipo kanamatirira pamwalapo kuti nganganga. Mtsikana wamkulu, wophunzira, wovala magalasi, anayamba kudumphadumpha m'chipinda cha amayi ake.

"Amayi! Mwala uwu si wa pansi pano! Unagwa kuchokera kumwamba, kutali kuposa mwezi. Kuda uku n'kupsa, unapsa polowa mumpweya wathu. Pajatu mu 1981 unagwa wina waukulu m'boma lathu lomweli. Ndiyenera kukauyeza kaye, komabe ndingathe kulumbira. Ine ndimachita kupempha tizidutswa ta miyala yotere kwa azungu, pamene wina uli pansi pa bedi lanu!"

Abiti Sidiki anaseka nawo, poti chimwemwe cha mwana chimapatsirana. Koma kusekako kunafika penapake n'kuima.

"Wati si wa pansi pano?"

"Ngakhale pang'ono."

"Si nthaka?"

Apa m'pamene Fauziya anazindikira chimene wachita, koma madzi akatayika saoleka. Amayi ake anakhala pabedi pang'onopang'ono. Tayamamu amafuna nthaka. Ngati mwalawo sunali nthaka, ndiye kuti iwo sanayere, ndipo ngati sanayere, ndiye miyezi yonseyi ankangodzuka ndi kugwada ngati munthu wochita masewera olimbitsa thupi. Mtima unawawa kwambiri, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chimwalirireni amuna awo.

Mwana anayesa kuwatonthoza, nayamba kufotokoza za chitsulo china cha dzina lopotoza lilime, koma anamudula.

"Iwe ndiwe shehe? Mawa tikupita kwa Kalembo kwa amalume ako."

"Bwanji osangowaimbira foni?"

"Nkhani ya swala pafoni? Ukuyesa ndikufunsa mtengo wa nandolo? Akauone yekha ndi maso ake."

Madzulo amenewo Ayisha anakapala dothi loyera pachulu n'kubwera nalo m'mbale, ndipo Asiri ndi swala zotsatira zinayenda choncho. Koma za m'mbuyo zija zinawakhala pakhosi, moti tiyi anamusiya mpaka anazizira.

M'mawa, atavala kale chitenje cha paulendo, analamula Ayisha kuti atsuke mwalawo ndi sopo, poti chinthu chakuda sungapite nacho kwa anthu. Fauziya anachita kuulanda m'manja mwa mkulu wake uli pafupi kulowa m'beseni.

"Chonde, madzi iyayi! Muli chitsulo umu, uchita dzimbiri."

"Ndiye amayi, inu ndi mwala wanuwu nonse awiri madzi anakuletsani," anatero Ayisha, naseka mpaka kugwira chipupa. Amayi ake anamuyang'ana diso limodzi lokha, kuseka n'kuthera pomwepo. Mwala anaukulunga m'nsalu momwemo, ndi litsiro lake, Abiti Sidiki akung'ung'udza kuti lero achita manyazi kwa eni ake.

Anakwera njinga zamoto mpaka pamsewu wa tala, kenako minibasi mpaka pa Liwonde. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linali litayamba kale ukali wake. Pokwera ina ya ku Mangochi, kondakitala anafuna kuthandiza gogo kanyamulidwe, nanyamula kamtoloko ndi dzanja limodzi, ndipo kanatsala pang'ono kumugwera paphazi.

"Amama, mwaikamo injini ya chigayo?"

"Ndaikamo zimene sizikukukhudza," anayankha, nakafungatira pamiyendo. Anawoloka Shire osayang'ana n'komwe madzi, iwo amene masiku onse ankakonda kusuzumira ngati pali mvuu.

Mchimwene wawo, Shehe Mahmudu, ankakhala chakuseri kwa Ulongwe. M'mawa ankaphunzitsa ana ku madarasa, masana n'kumasoka zovala pansi pa mtengo wa mango. Anali wamng'ono kwa Abiti Sidiki, amene anamubereka kumsana ali khanda, ndipo ichi sankalola kuti achiiwale ngakhale ndevu zake zitachita mbuu. Atawaona anasiya makina ali pakati pa msoko.

"Asalamu alaikum! Achemwali, ali uli? Ndi mzungu wathu yemwe! Lero kugwa mvula."

"Waalaikum salamu. Tabwera ndi nkhani."

"Nkhani idikire. Mlendo safunsidwa kukhosi kuli gwa."

Anabwera tiyi ndi mandasi, mafunso a odwala ndi a mbewu, madandaulo a kutentha. Fauziya, amene mandasi anali atawasowa zaka, anawagwira ntchito mosachita manyazi. Abiti Sidiki anangonyambita tiyi, phazi likugunda pansi. Pomaliza anaika kamtolo kaja pamphasa nafotokoza zonse, kuyambira kwa dokotala mpaka pa kamaginito.

Shehe anakanda ndevu. "Mabuku amene ndinawerenga ine amakamba za mchenga, za dongo, za njereza. Za mwala wogwa kumwamba sindinakumane nazo. Iwe Fauziya, tandiuza, miyala imeneyi ndi chiyani kwenikweni?"

Fauziya anapukuta mafuta m'zala. Anatola kamango kakang'ono kamene kanagwa kosapsa.

"Amalume, dziko lili ngati bango ili..." anadzigwira pakamwa, naseka. "Ngati mango awa, ndimati. Khungu ndi pamene timalimapa. Pansi pake pali mnofu wokhuthala wa miyala yotentha, ndipo pakati penipeni pali njere ya chitsulo. Ine ntchito yanga ili pa mnofuwo. Ndimafunamo chitsulo china chotchedwa rutheniyamu. N'chosowa kwambiri: mutadzaza ngolo ndi miyala ya mu mnofumo, mungapezemo cholemera ngati njere ziwiri kapena zitatu za chitowe."

"Ndiye amakulipira pofuna chitowe m'ngolo?"

"Amandilipira, amalume. Tsono chitsulo chimenechi tizidutswa take tilipo mitundu isanu ndi iwiri, tofanana zonse kupatula kulemera. Timati maisotopu. Mwala uliwonse uli ndi kasakanizidwe kakekake ka mitundu imeneyi, ndipo makina athu akayeza timadziwa kwawo kwa mwalawo. Pali mtundu umodzi umene timautcha wa handiredi. M'miyala yambiri yogwa kumwamba mtundu umenewu ndi woperewera pang'ono poyerekeza ndi mnofu wa dziko wa lero, ndipo imene inabadwira kutali ndi dzuwa ndiye imaperewera kwambiri. Koma anzathu atayeza miyala yakale zedi, ya ku dziko lozizira la Girinilandi, yochokera mu mnofu wa dziko likadali laling'ono, anapeza kuti mtundu uja ndi wochulukirapo."

"Taima," anatero shehe, atakweza chala. Ankakonda nkhani zotere kuposa kusoka. "Dziko lakale linali nawo wambiri. Miyala yakumwamba ili nawo wochepa. Dziko la lero?"

"Lili pakati."

"Ndiye kuti wina anathira madzi mu tiyi."

"Basi mwakhoza! Timaganiza kuti dziko litatsala pang'ono kutha kuumbika, miyala yakutaliyo inagwa yambirimbiri, n'kusakanikirana ndi mnofu uja pang'onopang'ono. Khungu timalimali linachokera mu mnofu womwewo. Ndiye mukuona, amayi," anatembenuka ndi nkhope yowala, "palibe chodandaulira. Nthaka yonse ili ndi zakumwamba m'kati mwake. Mwinanso gawo lina la madzi athu linabwera ndi miyala yomweyo."

Mwanayu ankaganiza kuti wapereka mankhwala. Abiti Sidiki anaika manja awo odwalawo pamutu.

"Astaghafirullah! Ndiye dothi lija anandipalira Ayisha pachulu nalonso n'losakaniza? Ndi madzi omwe? Ndiye kuti chibadwire changa sindinayerepo? Iwe mwana, anakutumiza kusukulu kuti udzandiphe?"

Shehe Mahmudu anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka magalasi anagwera pamphasa, misozi ili chuchuchu, mkazi wake n'kusuzumira kuchokera kukhitchini kuti aone chachitika. Mlongo wake anamuyang'ana ndi ukali.

"Seka, Mahmudu. Ndinakupukuta mamina ine."

"Pepani, achemwali, pepani." Anatola magalasi, napuma kaye. "Tiyambe ndi dothi. Amene anatiuza kuti tigwiritse ntchito nthaka yoyera ndi yemweyo anaipanga nthakayo. Zimene anathiramo akuzidziwa yekha, sanadikire makina a ku Jeremani kuti amuuze. Chimene inu ndi ine timachitcha dothi ndi dothi, chimene timachitcha madzi ndi madzi. Pamenepo gonani tulo."

Mapewa a Abiti Sidiki anatsikako pang'ono. "Nanga mwalawu?"

"Mwalawu ndiye nkhani. Mukanandifunsa poyamba, safunsa anadya phula. Akuluakulu a chipembedzo anasiyana maganizo. Ena amalola mwala wosalala. Koma amene anandiphunzitsa ine amati tayamamu amafuna fumbi lenileni, loti likhale m'zikhatho. Kwa iwo mwala wopanda fumbi sukwanira, kaya ndi wa m'phiri la Chikala kaya ndi wa kuseri kwa mwezi."

Apa ndiye mayiwo anafooka zenizeni. Anabwera ndi mlandu umodzi, ndipo tsopano unaoneka ngati wabala unzake.

Shehe anamasula nsalu ija. Anauyang'ana mwalawo mwaulemu, nati Mashallah, kenako anaumenya ndi chikhatho kuti pha! Kafumbi kofiirira kanatuluka m'timaenje tija n'kumulowa m'mphuno, ndipo anayetsemula kawiri motsatizana. Anatembenuza chikhatho n'kuwaonetsa. Chinali chofiira.

"Mumausunga pati?"

"Pansi pa bedi," anayankha motsitsa mawu, manyazi atawagwira. "Ndimafuna kuutsuka, ndi uyu anakaniza."

"Pansi m'chipindamo ndi pa simenti?"

"Pozira. Dothi la katondo."

"Nkhuku zimalowamo?"

"M'chipinda mwanga? Uzifunse ngati zilipo zamoyo zimene zinayesapo."

"Amasesa ndani chidwalireni inu?"

"Ayisha. Ndiye kusesa kwake! Sawaza madzi, amangopalasa, fumbi kobo nyumba yonse. Ndalankhula mpaka kutopa."

"Mukafika mukamugulire nsalu," anatero shehe. "Tsiku lililonse mwana ameneyo amakuthirirani fumbi loyera la kwa Mposa pamwala wanu. Inu mumaganiza kuti mukugwira mwala, pamene mwalawo unali mbale chabe. Tayamamu wanu munkapangira dothi la kwanu, achemwali, monga mmene mabuku anga amafunira."

Fauziya anawomba m'manja. Abiti Sidiki anayang'ana chikhatho cha mchimwene wawo nthawi yaitali. Mayi amene mudzi wonse unkamuopa pa ukhondo anapulumukira pa fumbi la pansi pa bedi, ndipo ankadziwa kuti Ayisha akadzamva sadzawapatsanso mtendere. Kamwa linafuna kumwetulira, koma m'maso munali mukadali funso.

"Ndiye zinalandiridwa?"

"Aa, zimenezo musafunse telala. Ine ndinganene kuti munachita moyenera. Kulandira ndi kwa Mwini wake."

"Iyayi, Mahmudu, undiuze." Shehe anasiya nthabwala, ndipo iwo anapitiriza. "Swala ndikanatha kubweza, ngakhale zikananditengera chaka. Koma ndikamaliza kuswali ndinkakweza manja awa n'kupempha. Usiku wathawu ndimangoganiza kuti mwina zonse zija zinkathera padenga."

"Munkapempha chiyani?"

Anayang'ana kumbali, kumene kunalibe mwana wawo, nakonza mpango umene unali bwinobwino kale.

"Bambo ake anapita osamuona uyu, ali kutali. Manja atayamba kung'ambika ndinati basi, nanenso ulendo wayandikira. Sindinapemphe kuchira ine. Ndinkangoti, Mulungu wanga, mwana uja ndimuone ndi maso angawa ndisanatseke."

Shehe Mahmudu anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu kotsala posoka, nawavalanso. Kenako analoza mbale imene munatsala nyenyeswa zokhazokha.

"Nanga uyu wandithera mandasi pakhomo pano ndi ndani?"

Abiti Sidiki anatembenuka. Fauziya anali pomwepo pamphasa, mafuta a mandasi ali pamilomo, misozi ikutsikira pansi pa magalasi. Chifikireni mwanayo, mayi ake anali asanamukhudze, poopa kumupaka mankhwala ndiponso pochita manyazi ndi zilonda. Tsopano anasendera, namugwira masaya ndi manja onse awiri, monga ankachitira akamutsanzika popita ku pulayimale. Anamuyang'anitsitsa bwinobwino, mphumi, maso, chibwano, osafulumira.

"Waonda iwe," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mahmudu, uza akazi ako aphike ena, mwana wanga sanakhute."